Si mbale ayi, Bambo, ndi zidindo

Kempton Park, Johannesburg

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti inu ndi Amayi muli bwino, ndiponso kuti mwendo wa agogo uja wayamba kupepuka. Ine kuno ndili bwino. Mvula yayamba kale. Imabwera masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala, kenako dzuwa n'kuwalanso ngati sikunagwe kanthu.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni nkhani zimapotoka. Mlongo wanga wandiuza kuti Amayi anauza anzawo a ku Chigwirizano kuti mwana wawo ku Joni akupanga mbale, ndipo ena ayamba kale kuitanitsa zodyera pa Khrisimasi. Ndinaseka mpaka anzanga m'chipinda muno anandidabwa. Wolakwa ndine, chifukwa ndinangoti timapanga mapuleti, osafotokoza kuti ndi mapuleti anji.

Bambo, ntchito yanga ndi yanu yomwe ija. Ndimakumbukira ndili mwana nditakhala pambali pa katebulo kanu pa boma pa Dedza, inu mutawerama ndi lezala, mukusema chidindo cha anyakwawa pa kachidutswa ka labala. Munkalemba zilembo chobwerera, mukatha n'kuyang'ana pa kalilole kaja kuti muone ngati zikuwerengeka. Kuno ndi zomwezo, kungoti chidindo chathu chimodzi chimatha kuphimba tebulo lonse, ndipo sichidinda kalata ya kumunda. Chimakulungidwa pa chitsulo chozungulira m'makina osindikizira, n'kumadinda mapepala apulasitiki a buledi, matumba a shuga ndi ufa, makatoni, ndi timapepala tomata pa mabotolo. Amayi akagula paketi ya mchere pa golosale, aone zolemba zija. Kawirikawiri zimakhala zodindidwa mwa njira imeneyi, imene amaitcha flexo.

Chosemera chathu dzina lake ndi laser. Limamveka ngati lezala lanu, koma ichi ndi kuwala, ndipo kuwala kwake sikuoneka ndi maso. Makina athu anachokera ku Germany. Timalowetsa labala wakuda wokulungidwa ngati chitoliro, timatseka chitseko, chitolirocho n'kuyamba kuzungulira mwaliwiro. Kuwala kuja kumayenda pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita mbali ina, kukuwotcha paliponse pamene sipayenera kukhudza inki. Zotsala zotukuka m'mwamba ndizo zilembo ndi zithunzi. Dzenje lake nthawi zambiri silifika n'komwe milimita imodzi. Chitseko chikatseguka makina akugwira ntchito, amazima okha, chifukwa kuwalako kukhoza kuwotcha diso munthu asanaphethire. Fungo lake ndi la tayala lopsa, ngati paja anyamata amatentha matayala pamsewu. Pali chipaipi chokoka utsi, komabe malaya anga amafika nalo kunyumba. Tikatulutsa, timatsuka phulusa ndi madzi ndi sopo, basi yatha.

Pali njira yachiwiri, ndipo ndi imene imandisangalatsa kwambiri, ngakhale ndi yochedwa. Apa sitigwiritsa labala koma chipepala chofewa cha polymer, chokhala ngati pulasitiki yosakhwima, pamwamba pake atapaka kautoto kakuda kopyapyala. Laser siisema chipepalacho, imangochotsa kautoto kaja pamalo pamene pakhale chithunzi. Kenako timachiika pansi pa nyale za UV, zotulutsa mtundu wa kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapezekanso m'dzuwa. Pamene kuwala kwadutsa, polymer imalimba. Pamene kautoto kakuda katchinga, imakhalabe yofewa, ndipo timaikokolola ndi mankhwala ndi maburashi. Ndiye kuyanika mu uvuni maola awiri kapena kupitirira, pa kutentha kwa madigiri 60, chifukwa puleti imakhala itamwa mankhwala n'kufufuma. Ukaitulutsa msanga chifukwa kasitomala akukuwa pafoni, imadinda mopanda chilungamo, pena kwambiri pena pang'ono. Zili ngati kuphula nsima isanapse chifukwa mlendo wanena kuti akuthamangira basi.

Kapitawo wathu ndi mdala wa zaka ngati zanu, ndipo sachedwa kuyamba nkhani zakale. Akuti mapuleti a polymer amenewa anayamba kutchuka mu 1974, pamene kampani ya DuPont ku America inatulutsa ake otchedwa Cyrel, dzina limene ndimaliona pa makatoni ena m'sitolo mwathu mpaka lero. Isanafike nthawi imeneyo ankaumba labala m'zikombole, ena n'kumasema ndi mpeni pamanja. Akutinso dzina loti flexography, limene timalidula kuti flexo, linabwera mu 1952. Kale ankati kusindikiza kwa aniline, potengera utoto umene ankagwiritsa ntchito, koma anthu ankaopa kuti utotowo ndi poizoni pa zokulungira chakudya, ndiye eni ntchito anasintha dzina. Nditamuuza kuti bambo anga amasema zidindo ndi lezala ndi kalilole, anasiya tiyi wake n'kundifunsa mafunso kwa theka la ola.

Chimene inu simunavutike nacho ndi mitundu. Chidindo chanu chinali cha inki imodzi. Kuno chithunzi cha tomato pa paketi chimafuna mapuleti anayi: wa buluu, wofiirira, wachikasu ndi wakuda, uliwonse puleti yake. Mukayang'ana ndi kagalasi kokulitsa, tomato uja si tomato, ndi timadontho tosawerengeka, tating'ono kuposa njere ya fodya. Puleti imodzi ikangosuntha ngati kukula kwa tsitsi, chithunzi chimaoneka ngati mmene amaonera munthu amene wachokera ku kachasu. Mapuleti a timapepala ta pamabotolo ndi opyapyala, mamilimita 1.14. A makatoni ndi ochindikala, ena amapitirira mamilimita 5, chifukwa katoni si yosalala.

Tsopano ndiulule. Mwezi wathawu ndinalakwitsa chinthu chimene inu munandiphunzitsa ndili sitandade 3. Panali ntchito yofulumira usiku, ndinali ndekha, ndipo sindinayang'ane ngati chithunzi pa kompyuta chinali chotembenuzidwa moyenera. Makina anasema maola atatu. Nditatulutsa, zilembo zonse zikuwerengeka bwinobwino pa labala, zokongola kwambiri, ndipo mtima unangoti phaa, chifukwa chowerengeka pa chidindo ndiye kuti papepala chituluka chobwerera. Labala ameneyo mtengo wake ndi woposa malipiro anga a sabata, ndipo chosemedwa sichibwezeredwa. Sindinagone. M'mawa ndinakanena ndekha asanazione. Mdala uja anandikalipira mu Chiafrikaans, chimene mwamwayi sindimva, kenako anakhomera labalayo pakhoma pamwamba pa makina anga. Sanandidule ndalama. Tsiku lotsatira ndinagula kalilole kakang'ono pa shopu ya pakona, ndipo kali pa tebulo langa. Anzanga a ku Zimbabwe amati ndimadziyang'anira nkhope.

Za kunyumba. Ndatumiza ndalama pa Mukuru, mlongo wanga alandira uthenga pa foni yake. Mugule feteleza kaye mitengo isanakwerenso, yotsala ikhale ya fizi ya mng'ono wanga. Za malata tidikire Januwale, chifukwa mu Novembala ndi Disembala ntchito imachuluka, makampani onse amafuna mapaketi a Khrisimasi, ndipo ovataimu ndi imene idzagule malatawo. Chifukwa chomwecho sindibwera chaka chino. Ndikudziwa Amayi akhumudwa, muwauze mofatsa. Mapepala anga ali bwino, musamvere za anthu.

Ndili ndi pempho limodzi. M'kabokosi kanu ka zida muli chidindo chija cha sukulu ya pulaimale chimene aphunzitsi aakulu sanabwere kudzatenga. Ngati chikadalipo, muchikulunge bwino mupatse adiraiva aja obweretsa katundu kuno, pamodzi ndi ufa woyera ndi usipa umene Amayi analonjeza. Mdala uja sakukhulupirira kuti munthu angaseme zilembo zazing'ono choncho ndi lezala, ndipo tabetcherana botolo la Fanta.

Amayi a ku Chigwirizano aja muwauze kuti mbale ndidzawagulira ndithu, koma za m'sitolo.

Moni kwa agogo, kwa amalume ndi onse pakhomo.

Ine mwana wanu.