Kwa eni shedi ya matabwa ku Chitakale: munandigulitsa thabwa laliwisi

Bambo, ndikulemba pano pagulu chifukwa pa WhatsApp mauthenga anga mukungowerenga osayankha, foni nayo mukangoona nambala yanga mumaisiya ilire mpaka itope.

Mundikumbuka ndithu. Ndine uja ndinabwera Loweruka lina m'mawa nditanyamula katoni yodulidwa ngati lupanga, anyamata anu n'kuyamba kundiseka kuti akuluwa akupita kunkhondo. Ndinakufotokozerani bwinobwino kuti ndimasema malupanga a mtengo pongosangalala, ndipo ulendo uno achinyamata a kutchalitchi kwathu anandipempha awiri oti asilikali a Chiroma anyamule pa sewero la Lachisanu Loyera, ndi lina la Petro, lija anadula nalo khutu la Malikasi. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha: paini wouma. Inu munagogoda thabwa ndi chala, n'kundiuza kuti limeneli lakhala pa shedi kuyambira chilimwe. Ndinalipira K12,000 osanenerera, kuwonjezanso ya kabaza.

Lupanga la asilikali a Chiroma, lomwe ankalitcha gladius, linali lalifupi, losafika mita, lakuthwa konsekonse, komanso lowongoka. Likapanda kuwongoka ndiye kuti si lomwelo ayi. Ndinatha madzulo a sabata ziwiri ndili pakhonde, kudula, kupala mbali zonse kuti msana utuluke pakati, kukwecha ndi sandipepa mpaka zala kuchita matuza. Kunsonga ndinasiya kobuntha dala kuti ana asabayane m'maso. Chigwiriro ndinachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, kumapeto n'kuikako kachibulunga kosema padera. Mkazi wanga, amene amati zimenezi n'zachibwana, tsiku limenelo anachita kulinyamula n'kulitembenuzatembenuza.

Ndinadabwa pang'ono poona kuti utuchi ukumata pa sowo komanso sandipepa akudzaza msanga, koma ndinati mwini shedi sanganame. Patangotha masiku asanu ndili ndi malupanga atatu opakidwa penti wa siliva, loyamba linayamba kupindika. Lero likuoneka ngati chikwakwa chotchetchera udzu. Lachiwiri lang'aluka kuchokera pa chigwiriro, lachitatu likutuluka utomoni pa mfundo ndipo penti wafufuma ngati nthomba.

Nditabwera nalo, mnyamata wanu anandiyankha kuti vuto ndi chinyezi cha ku Mulanje. Bambo, ine ndinabadwira kuno. Mvula ya kuno ndimaidziwa, chiperoni ndimachidziwa. Lupanga lina lomwe ndinasema ndi thabwa la chitseko chakale lakhala pakhoma zaka zinayi m'chinyezi chomwechi ndipo lili chiwongokere. Thabwa laliwisi ukalipala n'kulichepetsa, madzi amatuluka mofulumira, mbali ina n'kuuma msanga kuposa inzake, ndiye limakhota. Izi munthu wogulitsa matabwa sangauzidwe ndi ine. Chidutswa chotsala ndinachidula pakati dzulo, m'kati mwake n'mozizira, mwa bii. Ndachisunga, ndi chimene mukuchiona pa chithunzicho.

Mnyamata yemweyo anandinong'oneza kuti ndikanafuna zosapindika ndikanawonjezera ndalama andipezere mkungudza. Mumuuze asiye. Mtengo umenewo ndi wotetezedwa, watsala pang'ono kutheratu m'phirimu, ndipo sindingakwere nawo paguwa m'manja mwa ana a Sande sukulu.

Za penti, guluu ndi thukuta langa sindikukulipiritsani, ndaluza basi. Ndikufuna thabwa lina louma, ndisankhe ndekha ndipo tilidule kumapeto ndili pomwepo, kapena mundibwezere K12,000 yanga. Sewero latsala sabata zitatu, ndipo anyamata aja panopa akuyeserera ndi mapesi a chimanga. Loweruka ndibwera cha m'ma 9 koloko, chikwakwa chija chili m'manja.