Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zachilungamo pa zomanga anthu odzudzula

Olemekezeka a Nduna,

Makalata amene tinatumiza ku ofesi yanu mwakachetechete sanayankhidwe, ndiye lero tikulankhulira pagulu.

Munthu amalemba pa Facebook kuti mkulu wina wa boma wadya ndalama za msewu. Apolisi amamutenga Lachisanu masana, akudziwa bwino kuti makhothi atseka mpaka Lolemba. Foni amailanda ati ndi umboni, lamba ndi zingwe za nsapato amazisiya pakauntala, n'kugona pasimenti masiku atatu. Mlandu amaupatsa dzina loopsa, ati kufalitsa chidani. Akatuluka pa belo, nkhani imangoimitsidwa mwezi ndi mwezi chifukwa wodandaula sabwera kukhothi, mpaka imafa yokha. Pofika apo ntchito inatha kalekale, foni sinabwezedwe, ndipo anzake onse pagulu la WhatsApp aphunzira kusunga pakamwa. Chigamulo sichinkafunika n'komwe, selo ija inakwana.

Pomwe zili choncho, wina amaima pamsonkhano n'kunena kuti anthu a mtundu wakutiwakuti asapatsidwe ntchito kapena nyumba ya lendi, n'kukagona kwake mwamtendere. Olumala akubwezedwa pa intavyu, achipembedzo china akunyozedwa poyera, madandaulo awo akuchita fumbi m'madirowa.

Bwana, malamulo mumawadziwa kuposa ife. Pangano la ICCPR la 1966, lomwe ndi pangano la UN la ufulu wa anthu ndi wa ndale, linalekanitsa zinthu ziwirizi: kudzudzula ndi kufalitsa chidani. Ndime 19 imateteza ufulu wolankhula, ndime 20 imalamula boma kuletsa kulimbikitsa chidani cha mtundu, dziko kapena chipembedzo chimene chimautsa tsankho kapena chiwawa. Wodzudzula amaloza zimene mtsogoleri wachita pa udindo wake, zomwe angayankhe potulutsa malisiti. Watsankho amaloza mmene munthu anabadwira, ndipo pamenepo palibe lisiti lomupulumutsa.

Ndondomeko ya Rabat ya 2012, yomwe akatswiri osonkhanitsidwa ndi UN anagwirizana ku Morocco, inapereka mafunso 6 oyezera ngati mawu ndi olimbikitsa chidani: zinthu zinali bwanji m'dziko nthawiyo, wolankhulayo ali ndi mphamvu zotani, cholinga chake chinali chiyani, mawu enieniwo ndi otani, afika kwa anthu angati, ndipo angavulazitsedi munthu? Ndi wapolisi uti anafunsapo ngakhale limodzi asanatulutse unyolo?

Mu 2011 komiti ya UN yoona za ufulu wa anthu inati ndende si chilango choyenera pa mlandu woipitsa mbiri. Mu 2014 Khothi la Africa loona za ufulu wa anthu linapeza kuti Burkina Faso inalakwa potsekera mtolankhani Lohé Issa Konaté pa mlandu wotere. Inu nomwe, musanakhale pampando, munkati palibe amene adzamangidwe chifukwa cha maganizo ake. Tinaomba m'manja.

Pempho lathu ndi ili. Pasanathe masiku 30, gwirizanani ndi mkulu wa oimira boma pa milandu mutulutse lamulo lolembedwa: munthu asamangidwe chifukwa cha mawu mpaka woimira boma atayankha mafunso 6 aja papepala n'kusainira. Mtsogoleri amene waona kuti anyozedwa akasume yekha mlandu wa chipukuta misozi. Mafoni olandidwa abwezedwe, ndipo madandaulo a osalidwa atulutsidwe m'madirowa, aliyense auzidwe tsiku lomvera nkhani yake.

Ife,
Nzika zokhudzidwa