Osewera magemu ayeze mtunda wa dzanja, asakopeke ndi DPI ya pa bokosi

Okondedwa a Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anthu amene amasewera magemu owomberana pa kompyuta, monga Counter-Strike 2, Valorant, Apex Legends ndi Overwatch. Ambiri akagonja kangapo amathamangira kukagula mausi yolembedwa DPI 26,000 pa bokosi, poganiza kuti nambala ikakula ndiye kuti nawonso ayamba kuwomba molunjika. Ndalama zimapita, chipolopolo n'kumadutsabe pambali pa mdani. Chofunika kwambiri ndi mtunda umene dzanja limayenda pa tebulo kuti munthu atembenuke m'gemu, ndipo mtunda umenewo uyenera kukhala womwewo lero, mawa ndi mkuja.

DPI ndi chiwerengero cha timasitepe timene sensa, kachipangizo ka pansi pa mausi kozindikira kuyenda kwake, imawerenga mausi ikayenda inchi imodzi, kapena kuti masentimita 2.54. Mausi ya DPI 800 ikasuntha inchi imodzi imauza kompyuta kuti yayenda timasitepe 800. Gemu imatenga timasitepeto n'kuchulukitsa ndi nambala ya sensitivity, yomwe ndi muyeso wa liwiro lotembenukira umene mwaika m'gemumo. Choncho mu Counter-Strike 2, DPI 400 ndi sensitivity 2 zimapereka liwiro lofanana ndi DPI 800 ndi sensitivity 1, kapenanso DPI 1600 ndi sensitivity 0.5. Mukachulukitsa ponsepo mupeza 800, ndipo nambala imeneyi ndi yomwe osewera amaitcha eDPI. Kukopera sensitivity ya katswiri wina musakudziwa DPI yake n'kutungira madzi m'dengu.

Koma eDPI imagwira ntchito m'gemu imodzi yokha, chifukwa gemu iliyonse ili ndi muyeso wake. Pa sensitivity 1, kasitepe kamodzi kamakutembenuzani madigiri 0.022 mu Counter-Strike 2 ndi Apex Legends, madigiri 0.07 mu Valorant, pomwe mu Overwatch ndi madigiri 0.0066. Ndiye amene akuchoka ku Counter-Strike kupita ku Valorant agawe sensitivity yake ndi 3.18, ndipo wopita ku Overwatch achulukitse ndi 3.33. Munthu wa sensitivity 1 ku Counter-Strike akalemba 1 yomweyo ku Valorant, liwiro limakwera kuposa katatu. Ayenera kulemba 0.314.

Muyeso umene umakhala womwewo m'gemu iliyonse ndi wa masentimita amene dzanja limayenda kuti muzungulire n'kubwerera pamene munayambira. Kuyeza kwake n'kosavuta. Lowani pa mapu oyesererapo, lunjikitsani kamtanda ka pakati pa sikirini pa ngodya ya chitseko kapena ya khoma. Ikani mausi kumapeto kwa padi (choyala choyendetsapo mausi) kumanzere, matani kachidutswa ka tepi pamene pali m'mphepete mwake, kenaka ikokereni kumanja pang'onopang'ono mosakhotakhota mpaka kamtandako kabwerere pa ngodya ija. Matani tepi ina n'kuyeza ndi rula. Padi ikatha musanafike, yezani theka la kuzungulira, kuyambira pamene mwayang'ana mpaka kumbuyo kwanu, n'kuchulukitsa kawiri. Pa DPI 800 ndi sensitivity 1 mu Counter-Strike 2, inchi imodzi imakutembenuzani madigiri 17.6, kotero kuzungulira konse kumatenga mainchi 20.5, omwe ndi pafupifupi masentimita 52. Rula ikasiyana ndi masamuwa ndi sentimita imodzi kapena awiri musadabwe, chifukwa DPI yeniyeni ya mausi imasiyanako pang'ono ndi imene inalembedwa. Bwerezaninso kuyezako, koma ulendo uno mokoka mofulumira. Ngati mtunda wasintha kwambiri, pali china chimene chikuwonjezera liwiro, ndipo ndibwerako pansipa.

Oyamba kumene ambiri amazungulira ndi masentimita 8 kapena 10 okha, chifukwa anazolowera mausi ya mu ofesi imene imayendetsedwa ndi zala. Taonani zimene zimachitika. Pa masentimita 10, dzanja likanjenjemera milimita imodzi yokha, kamtanda kamasuntha madigiri 3.6. Mdani akakhala pa mtunda wa mamita 30, madigiri amenewo ndi pafupifupi mamita awiri. Mwamuphonya yense, mutu ndi thupi lomwe. Pa masentimita 50, milimita yomweyo ndi madigiri 0.72, omwe ndi masentimita 38 okha pa mtunda womwewo. Dzanja ndi lomwelo, kunjenjemera ndi komweko, koma cholakwika chachepa kasanu. Ichi n'chifukwa chake akatswiri a Counter-Strike ndi Valorant amakhala ndi mapadi aakulu ndipo amayendetsa mkono wonse kuchokera m'chigongono, n'kusiyira zala ndi pamfundo ya dzanja ntchito yokonza pang'ono pomaliza.

Malangizo anga ndi akuti m'magemu amene chipolopolo chimodzi cha m'mutu chimamaliza nkhani, muyambire pakati pa masentimita 35 ndi 55. M'magemu amene adani amalumpha, kuuluka ndi kukuzungulirani, ngati Apex Legends ndi Overwatch, masentimita 25 mpaka 40 amathandiza kuti musamatsalire. Mukasankha poyambira, yesani zinthu ziwiri. Choyamba, lunjikitsani kamtanda pa kadontho ka pa khoma, muziyenda kumanzere ndi kumanja ndi mabatani a A ndi D koma kamtandako kasachoke pa kadonthoko. Chachiwiri, sankhani zinthu ziwiri zotalikirana, muzilumpha kuchoka pa china kupita pa chinzake maulendo 20. Mukamapitirira nthawi zambiri, tsitsani sensitivity ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Mukamaperewera, kwezani ndi muyeso womwewo. Mukafika pamene kupitirira ndi kuperewera zikufanana, lembani nambalayo penapake ndipo musaikhudzenso kwa masabata awiri. Pano ndi pamene ambiri amalephera. Akagonja madzulo amodzi amasintha, mawa akagonjanso amasinthanso, ndipo dzanja silipeza mpata wozolowera chilichonse. Masiku oyamba mutatsitsa liwiro mudzasewera moipa kuposa kale. Pirirani, zimenezo zimatha.

Tsopano za liwiro lowonjezera lija. Mu Windows, tsegulani Control Panel, kenaka Mouse, kenaka Pointer Options. Chotsani chizindikiro pa Enhance pointer precision. Dzinalo limakopa, koma ntchito yake ndi yoti mukakoka mausi mofulumira kamuvi kapite patali kuposa mukakoka pang'onopang'ono, ngakhale mtunda wa dzanja uli wofanana. Pamwamba pake pali kotsetsereka ka liwiro kokhala ndi timizere 11. Kaikeni pa kamzere ka nambala 6, pomwe kasitepe kamodzi ka mausi kamafanana ndi kadontho kamodzi ka pa sikirini. Counter-Strike 2 ndi Valorant zimawerenga mausi mwachindunji osadutsa mu zimenezi, koma magemu akale ndi magemu oseweredwa ndi kamuvi amakhudzidwa. Ngati gemu ili ndi mawu akuti Raw Input, yatsani. Ngati ili ndi Mouse Acceleration kapena Mouse Smoothing, zimitsani. Mu pulogalamu ya mausi yanu zimitsaninso Angle Snapping, imene imawongola mzere wa dzanja lanu n'kukulepheretsani kukwera pang'ono kuchoka pachifuwa kupita kumutu kwa mdani.

Nanga DPI ikhale yotani? 800 kapena 1600 ndi yokwanira. DPI yotsika kwambiri yophatikiza ndi sensitivity yaikulu imachititsa kuti kamtanda kazidumphadumpha m'malo moyenda mosalala, chifukwa kasitepe kalikonse kamakula. DPI ya masauzande ambiri nayo imatola kunjenjemera kulikonse, ndipo masensa ena akafika pamenepo amayamba kusalaza zimene akuwerenga, zomwe zimachedwetsa pang'ono. Kabatani kosinthira DPI kamene kamakhala kuseri kwa wilo kamavutitsa anthu ambiri: mumakadina mwangozi nkhondo ili pakati, liwiro n'kusintha inu osadziwa. Siyani DPI imodzi yokha mu pulogalamu, kapena perekani ntchito ina kwa kabataniko, ndipo sungani zonsezi mu memori ya mausi yomweyo kuti zisasinthe mukailumikiza pa kompyuta ina.

Pogula mausi, kapangidwe kake kabwere patsogolo pa zonse. Yezani dzanja kuchokera pa mzere wa pamfundo mpaka kunsonga kwa chala chapakati. Dzanja losafika masentimita 17 ndi laling'ono, la pakati pa 17 ndi 19 ndi lapakatikati, lopitirira pamenepo ndi lalikulu. Kenaka onani mmene mumagwirira. Ena amagoneka chikhatho chonse pa mausi, ndipo amafunika yaitali ndi ya msana wokwera. Ena amapinda zala, kumbuyo kwa mausi n'kutsamira pansi pa chikhatho, ndipo iwowa imawayenera yokwera chakumbuyo. Ena amagwira ndi nsonga za zala zokha, ndipo amafunika yaifupi, yaphwatalala ndi yopepuka. Mausi yosakuyenerani imadziwika msanga: kachala kakang'ono kamakhula pa padi, chala chachikulu chimadina mabatani a m'mbali musakufuna, chala cha mkombaphala chimapitirira kapena kuperewera pa batani, mausi imapulumuka mukainyamula, ndipo dzanja limawawa pakangotha theka la ola. Kuwawa kotere kapena dzanzi m'zala sizofunika kuzipirira. Pumulani, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi achipatala.

Kulemera kumabwera pambuyo pake. Logitech G502 Hero imalemera magalamu 121, pomwe G Pro X Superlight imene inatuluka mu 2020 ndi ya magalamu pafupifupi 63. Munthu wa masentimita 50 amanyamula mausi n'kuibwezera pakati pa padi kambirimbiri pa gemu imodzi, ndiye kusiyana kumeneku kumamveka m'mkono. Yapakati pa magalamu 55 ndi 80 ndi yabwino kwa ambiri.

Pa sensa, musayang'ane DPI. Yang'anani dzina lake ndi nambala ya IPS, yomwe ndi liwiro limene sensa ingathe kutsatira isanasokonezeke. PixArt 3360 imafika pa IPS 250, kutanthauza mainchi 250 pa sekondi, kupitirira mamita 6 pa sekondi, liwiro limene dzanja silingafikepo m'gemu. PixArt 3389, PixArt 3395 ndi HERO ya Logitech nazonso n'zodalirika. Sensa yofooka mumaidziwa mukatembenuka mwamphamvu: m'malo moyang'ana kumbuyo mumangopezeka mukuyang'ana kumwamba kapena pansi. Iyeseni poikoka mwamphamvu kuchoka mbali ina ya padi kufika mbali inayo. Onaninso kuti sensa imasiya kuwerenga mausi ikanyamuka milimita imodzi kapena awiri. Ikamawerengabe pamwamba kuposa apo, kamtanda kamasuntha nthawi iliyonse mukamaibwezera pakati.

Polling rate ndi maulendo amene mausi imalankhula ndi kompyuta pa sekondi. Pa 125 Hz imatumiza uthenga mamilisekondi 8 aliwonse, pa 500 Hz mamilisekondi awiri, pa 1000 Hz milisekondi imodzi. Ikani 1000. Za 4000 ndi 8000 Hz zilipo, koma zimalemetsa purosesa, zimamaliza batire msanga, ndipo pa kompyuta yofooka gemu imayamba kudukizadukiza. Phindu lake silifika milisekondi imodzi. Pomwe sikirini ya 60 Hz imaonetsa chithunzi chatsopano mamilisekondi 16.7 aliwonse, ya 144 Hz mamilisekondi 6.9. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni. Ndipo pali anthu amene ali ndi sikirini ya 144 Hz koma Windows ikuiyendetsabe pa 60, chifukwa sanapite ku Advanced display kukasintha. V-Sync, imene imagwirizanitsa zithunzi za gemu ndi liwiro la sikirini, nayo izimitsidwe m'magemu ampikisano, popeza imachedwetsa chithunzi ndipo mausi imamveka ngati yalemera.

Mausi zopanda chingwe za masiku ano sizichedwa, bola mugwiritse ntchito kadongo kake ka 2.4 GHz, kachipangizo kolandirira uthenga kamene mumalowetsa pa USB, osati Bluetooth. Kadongoko musakabise kuseri kwa kompyuta. Malo olumikizira a USB 3.0, omwe nthawi zambiri amakhala abuluu mkati, amatulutsa phokoso la magetsi limene limasokoneza 2.4 GHz, ndipo rauta ya Wi-Fi ikakhala pafupi imawonjezera vutolo. Kamuvi kakamaima n'kudumpha, lumikizani kadongoko ku chingwe chotalikitsira n'kukaika pa tebulo, masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa mausi. Wa mausi ya chingwe asiye chingwecho chili cholendewera mokwanira kuti afike mbali zonse za padi osakoka.

Padi ikhale ya nsalu, yosachepera masentimita 45 m'lifupi ndi 40 kuchoka kwa inu kupita kutsogolo. Pa galasi kapena tebulo lonyezimira masensa ambiri amasokonezeka. Thukuta ndi fumbi zimachititsa kuti pakati pa padi pakhale polimba kuyendapo kuposa m'mbali, ndiye ichapeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosaluma, muiyanike pamthunzi itayalidwa mpaka iume kwathunthu. Kamtanda kakayamba kunjenjemera kokha, tembenuzani mausi muone pa kabowo ka sensa, chifukwa kambiri mumapezamo tsitsi limodzi kapena kaulusi. Timapazi ta pulasitiki yoterera ya PTFE ta pansi pake tikatha mumamva kukhula, ndipo timagulitsidwa patokha, palibe chifukwa chogulira mausi ina.

Batani likayamba kudina kawiri inu mutadina kamodzi, kapena kusiya kuwomba chala chikadali chopanikiza, ndiye kuti kachitsulo ka m'kati mwa swichi katha kapena kachita dzimbiri. Ngati pulogalamu ya mausi ili ndi debounce time, kanthawi kamene mausi imadikira isanawerenge kudina kwina, ikwezeni ndi mamilisekondi awiri kapena anayi, vutolo limabisika kwa kanthawi. Likabweranso, amene amadziwa kuwotcherera mawaya akhoza kuchotsa swichiyo n'kuikapo yatsopano. Pogula ina, sankhani ya maswichi a optical, amene amazindikira kudina pogwiritsa ntchito kuwala, popeza alibe tizitsulo tokhudzana timene timayambitsa vutoli.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu