Kwa mwana wanga ku Leeds, za nsima ija inakutsamwa

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latikhaulitsa. Bambo ako akumakhala pakhonde mpaka udzudzu uwathamangitse. Azakhali ako akupereka moni, ndipo akufunsabe kuti opaleshoni ija inali ya chiyani kwenikweni. Sindinawauze. Nkhaniyo ndi yako, udzaikamba wekha ukadzafuna.

Lamlungu usiku sindinakuyankhe bwino. Iwe ukulira, netiweki ikudukaduka, ine n'kumangoti "pepa mwana wanga, pepa." Nditaika foni pansi tulo sindinatipeze, ndiye ndati ndilembe, chifukwa zolembedwa umatha kuzibwereza pomwe za pa foni zimapita ndi mphepo.

Unati mutaweruka kutchalitchi munapita kwa mayi uja wa kwathu kuno, iye n'kuphika nsima ya ufa woyera ndi nkhuku yokazinga, n'kukuikira mitanda iwiri. Unachita manyazi kukana. Mbamu yachitatu inaima pachifuwa, malovu n'kuyamba kudzaza m'kamwa, ndipo unatha theka la ola uli m'bafa la eni ake kudikira kuti ibwerere. Kenako unandifunsa kuti, "Amayi, kodi ndinalakwitsa kupangitsa opaleshoniyi?" Ayi, sunalakwitse. Unangodya ngati mmene ndinakuphunzitsira ine, ndipo kadyedwe kameneko lamba uja anakuika pachifu kuti utsike thupi sagwirizana nako.

Taganiza mmene timadyera nsima. Timatema, n'kuumba m'manja, n'kusunsa m'ndiwo, n'kumeza. Mano sagwira ntchito kwenikweni, ikakhala ya therere ndiye imangotsetsereka yokha. Tsopano kumbukira chithunzi chomwe dokotala anatijambulira papepala tsiku lija. Chifu chako sanachidule. Anangochimanga kumtunda ndi kalamba ka silicone, n'kusiya pamwamba kathumba kosaposa dzira la nkhuku, ndi kampata kakang'ono kotsikira kumunsi. Mbamu yosatafuna ikafika pakampata pamenepo imatseka ngati chitsononkho pakamwa pa botolo la palafini. Buledi wofewa amachitanso zomwezo, mpunga nawo, nyama yootcha youma, ngakhale nkhwani wosasadzula bwino.

Sindikukuletsa nsima mpaka kalekale, ndingakhale mayi wotani. Koma miyezi iwiri ndi theka ndi yochepa, ndipo malo oyesera nsima koyamba si pakhomo pa anthu, maso onse ali pa iwe. Yesera kwanu, uli wekha, yofewa, yotentha, poti ikazizira imalimba. Ukukumbukira mlangizi wa zakudya uja ataika kandalama ka 20p patebulo n'kunena kuti nthongo iliyonse isapose pamenepo? Ine ndinaseka, ndinati kumeneko ndi kudya kwa mpheta. Koma iye ankanena zoona. Kanthongo kotero, utafune mpaka ka 20, uike supuni pansi, udikire katsike, ndipo mphindi 20 zikakwana usiye, kaya m'mbale mwatsala chiyani. Ukamva kulemera pachifuwa, kapena ntchofu zikayamba, usakankhire ndi madzi. Madzi amangounjikana pamwamba pa chomwe chatsekacho, n'kubwerera zonse pamodzi. Imirira, yendayenda, dikira.

Pa nkhani yosiya chakudya m'mbaleyi ndili ndi mlandu, ndipo ndiuvomere. Agogo ako anapulumuka njala ya 1949 ali kamtsikana, ndipo mpaka imfa yawo sankalola kuti nyenyeswa ya nsima igwe pansi. Ine ndinakulira m'manja amenewo. Kenako zaka zanga zonse za unamwino ndinazithera kusikelo ya ana, komwe mzere wa pakhadi ukakwera timaombera mayi m'manja, ukatsika timamukalipira. Mu 2002 ndinaona ndi maso angawa ana otupa mapazi akubwera pamsana tsiku ndi tsiku. Ndikafika kunyumba madzulo n'kukupeza wasiya nsima, mtima unkandiwawa. "Maliza, anzako akugona ndi njala." Unkamaliza misozi ili m'maso. Utayamba kunenepa ndinkanyadira, anthu akamati mwana wa anamwino akuoneka kuti akudya bwino. Sindinaganizepo kuti kunyadira kumeneko kudzathera ku matenda a shuga, BP ndi mawondo okana masitepe usanakwane n'komwe zaka 40.

Ndiye lero ndikukumasula ndi pakamwa pomwe ndinakumangira. Siya chakudya m'mbale. Palibe mwana wa ku Malawi amene akhute chifukwa iwe wadzikakamiza kumaliza mbatata ku Leeds.

Malo m'mimbamo achepa, choncho cholowa choyamba chikhale chomanga thupi. Kwathu kuno mbale timadzaza nsima, ndiwo n'kukhala zongopititsira. Iwe utembenuze. Yamba ndi nsomba, dzira, nkhuku yophika mpaka kufewa yokhala ndi msuzi, nyemba zopsa bwino, kenako zamasamba, ndipo nsima kapena mbatata zibwere pomaliza ngati malo alipo. Anakuuza kuti mapuloteni asachepere magalamu 60 patsiku. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6, ndiye waona wekha kuti muyezo wa mazira khumi umenewo sungokwana mwangozi. Yogati wopanda shuga akuthandiza, ali ngati chambiko chathu chomwechi. Mavitamini aja umwe tsiku lililonse, ngakhale ukudzimva bwino. Tsitsi likayamba kuthothoka m'miyezi ikubwerayi usadzidzimuke, zimachitika thupi likamatsika msanga, ndipo limameranso ukamadya zoyenera.

Pali china chomwe ndinachiona ndili kwanuko koma ndinasunga pakamwa. Sabata yomaliza ija, ndikufuna mchere m'kabati ya pamwamba pa ketulo, ndinapeza mapaketi awiri a mabisiketi kuseri kwa ufa, ndipo mufiriji munali ice cream yodyedwa theka. Mwina ndi za mwamuna wako, sindikuweruza. Koma dziwa kuti lamba ndi mlonda wogona pa zinthu zosungunuka. Chokoleti, ice cream, bisiketi yoviika mu tiyi, tiyi wa masupuni atatu a shuga, juwisi, vinyo, zonsezi zimadutsa pakampata paja osagogoda n'komwe. Choopsa chake n'chakuti nyama ikakutsamwa kawiri katatu, mtima umayamba kuthawira ku zofewazi chifukwa sizipweteka, ndipo munthu amatha chaka ali ndi lamba m'mimba sikelo osasuntha. Ukadzabwera kuno thobwa ndi Sobo zili m'gulu lomweli. Za Fanta ndi Coca-Cola ndiye usaziyandikire, mpweya wake umakutupitsa ndi kukupweteka pachabe.

Madzi umwe ambiri, lita imodzi ndi theka kapena awiri patsiku, koma mopsontha, ndiponso osati pamodzi ndi chakudya. Ukadya dikira theka la ola. Ndikudziwa kuti n'zachilendo kwa ife amene kapu ya madzi imakhala pambali pa mbale, koma ukazolowera kuyenda ndi kabotolo m'chikwama, vuto la kudzimbidwa lija lichepanso.

Tsopano za kabatani kali pansi pa khungu kaja, komwe amabayirapo madzi amchere kuti lamba athine kapena amasuke. Unandiuza kuti ukufuna ukawapemphe awonjezere kwambiri kuti utsike msanga. Usatero. Lamba woikidwa bwino ndi amene amakulola kudya kambale kakang'ono ka chakudya cholimba, n'kukhala maola angapo osamva njala. Akafika poti ukungodalira supu ndi phala, ndiye kuti wathina mopitirira, ndipo kusanza kwa tsiku ndi tsiku n'kumene kumachititsa kuti lamba aterereke kuchoka pamalo pake. Kutsika theka la kilo kapena kilo imodzi pa sabata n'kokwanira. Usadziyerekeze ndi mnzako uja anachita sleeve, iye anamudula chifu, njira zake n'zosiyana, ndipo dokotala ananena poyera kuti ya lamba imayenda pang'onopang'ono komanso imafuna kubwererabwerera kuchipatala. Masiku onse omwe akupatsa upite, ngakhale mwezi umene sikelo yakukhumudwitsa. Makamaka mwezi umenewo. Odwala anga ambiri ankathawa chipatala nthawi yomwe ankachifunitsitsa, chifukwa cha manyazi.

Uonanso kuti lamba ali ndi nyengo zake. M'mawa amakhala wothina, madzulo n'kumasuka. Ukakhala ndi nkhawa, ukadwala chimfine, kapena ukayandikira kumwezi, amathinanso. Masiku otero usalimbane naye, yamba ndi tiyi wotentha, udye zofewa, mawa n'tsiku linanso.

Koma izi ndikulemba ngati namwino, ndipo uwerengere mwamuna wako kuti naye azidziwe. Ukaona kuti ngakhale madzi akubwerera, usadikire kuti kuche, imba 111, nambala ya zachipatala kwanuko, kapena pita ku A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi, ukanene kuti uli ndi gastric band, dzina la lambayo pachingerezi. Chilungulira chosatha, kudzidzimuka usiku ukutsokomola chakudya chitabwerera kukhosi, kupweteka kwa m'mimba kosaleka, pakabatani paja pakafiira, kutupa kapena kutentha, zonsezi n'zokaonetsa msanga. Ngakhale kuona kuti mwadzidzidzi ukudya mbale yonse popanda chokuletsa, usasangalale, kanene, mwina kachubu kadontha kapena lamba wavuta. Ululu wa kudzanja lamanja pansi pa nthiti, makamaka ukadya zamafuta, ungakhale timiyala ta m'ndulu, timakonda anthu amene akutsika thupi mofulumira. Ndipo Brufen uja umakonda kumwa mutu ukawawa umusiye, pamodzi ndi diclofenac, pokhapokha dokotala atavomera, chifukwa mankhwala amenewa amakanda chifu. Mankhwala a shuga ndi a BP nawo akuyenera kuunikidwa pamene thupi likutsika, usangopitiriza muyezo wakale, usasiyenso wekha.

Za mwana zija munkakamba, ndikudziwa kuti apongozi ako akuwerenga zaka. Awerenge. Anakuuzani kudikira miyezi 12 mpaka 18, ndipo thupi likamatsika mimba imabwera mosavuta kuposa kale, ndiye musadalire kuti poti zinkavuta zivutabe. Kambiranani za kulera ndi a chipatala.

Chomwe chikukudetsa nkhawa kwenikweni ndikuchidziwa, ndi Disembala. Kuno munthu akabwera kuchokera kunja ataonda, anthu sayamba ndi kufunsa, amayamba ndi kunong'ona. Ena adzati ukudwala matenda aja, ena adzati banja likukuzunza, ena adzati ku UK kwakukanika. Ndakhala ndikumva manong'onong'o otere pamaliro ndi pazinkhoswe moyo wanga wonse, ndipo nthawi zina, Mulungu andikhululukire, ndinkathirirapo ndemanga. Sungatseke pakamwa pa mudzi. Chomwe ungathe n'kukonzeratu mawu ako. "Zikomo kwambiri, ndakhuta, adokotala anandiuza kuti ndizidya pang'ono chifukwa cha shuga." Palibe bodza pamenepo, ndipo matenda a shuga aliyense akuwadziwa masiku ano. Kwa agogo ako a kwa bambo ako, komwe kukana chakudya kuli ngati kutukwana, udzalandire mbale ndi manja awiri, udzatsine pang'ono, udzayamikire ndiwo, zotsalazo ndidzadziwa ine chochita nazo. Pakhomo pano wogawa chakudya ndidzakhala ine, ndipo azakhali ako akadzayamba zoti "onjezera, waonda," adzayankhana ndi ine.

Usananyamuke upemphe kalata kuchipatala chako yofotokoza mtundu wa lamba ndi kuchuluka kwa madzi omwe alimo, uyende nayo m'chikwama cha m'manja. Kabatani kaja sabaya ndi singano wamba, kali ndi singano yakeyake yosaboola mphira moononga, ndipo si chipatala chilichonse kuno chomwe chingakhale nayo pafupi. Choncho usakawonjezetse madzi kutatsala masiku ochepa kuti ukwere ndege, pasakhale zodzidzimutsa uli ku Addis Ababa kapena uli kumudzi. M'ndegemo anthu ena amamva lamba kuthina, ndiye udzadalire zakumwa ndi zofewa, nkhuku youma ya m'ndege ija udzaisiye. Pokatenga mankhwala oteteza malungo ukawakumbutse za lambayo. Doxycycline akaima pakhosi amaotcha, ndiye akusankhire okuyenera ndi kukuuza kamwedwe kake. Disembala kuno ndi mvula, udzudzu sudzakuonera chisoni poti unabadwira konkuno.

Kuyenda kuja usasiye poti kwayamba kuzizira ndi kuda msanga. Tinkazungulira paki ija limodzi, iwe ukupuma pa benchi iliyonse, ndipo tsiku lomaliza unadutsa mabenchi atatu osakhala pansi, ine ndi amene ndinapempha kuti tipume. Vala jekete uzipita.

Dzulo ndikukonza m'kabati ndapeza kambale kako kachitsulo ka maluwa ofiira, komwe unkadyera phala uli kamwana, kaja kanasupuka m'mphepete utakagwetsa pasitepe. Ndakatsuka, ndakaika padera. Ndikayerekeza ndi kambale komwe unkadyera ku Leeds, kukula kwake n'chimodzimodzi.

Lachinayi ukachoka kwa mlangizi wa zakudya undiimbire, ndipo umuuze za Lamlungu lija mosabisa. Moni kwa bambo a kunyumbako.

Ndine mayi ako.