Achemwali, za shuga ndi chifuwa cha Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, koma chimvereni kuti Bambo anabanikanso sabata yatha, tulo sindikupeza.

Chandilembetsa kalatayi ndi mapiritsi a prednisolone amene mwati anawapatsa. Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo angapo a shuga amenenso mapapo awo anawonongeka, ndiye zimenezi ndimaziona ndi maso anga. Mankhwalawa amatseguladi chifuwa, asawasiye ayi, koma amakweza shuga kwambiri. Choipa chake n'chakuti akamwa m'mawa, shugayo amakwera masana mpaka madzulo. Inu mukayeza m'mamawa mokha mupeza zili bwinobwino, pamene munthu usiku wonse wachezera ludzu ndi kukodza. Muziyezanso dzuwa likapendeka, n'kulemba manambalawo kuti adokotala akaone.

Kampope ka salbutamol, kopopera akabanika, nakonso kamasokoneza. Akapopera kangapo, manja amanjenjemera, mtima n'kumathamanga, ndendende ngati shuga watsika. Ine ndili mlendo pantchitoyi, nditaona agogo ena akunjenjemera choncho, ndinathamangira kukatenga zotsekemera, namwino n'kundigwira dzanja kuti ndiyambe ndayeza. Shuga wa agogowo anali pamwamba kale. Musamangoganizira, yezani. Shuga akatsika kufika pansi pa 4, pamenepo ndiye apatseni madzi a shuga msanga.

Kampope kena kaja, ka tsiku ndi tsiku, akapopera azichukucha m'kamwa n'kulavula, chifukwa anthu a shuga sachedwa kutuluka zilonda zoyera palilime. Utsi wamtundu uliwonse authawe, fodya ndiye osayerekeza n'komwe.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti kuchipatala, tsiku la shuga amangofunsa za shuga, la chifuwa za chifuwa, ngati Bambo ndi anthu awiri. Inu muzinyamula mankhwala onse m'thumba limodzi, ndipo musachite manyazi kuuza aliyense wowaona kuti matenda ndi awiri. Akadwalika, kusanza kapena kulephera kumwa madzi, funsani tsiku lomwelo ngati apitirize metformin, mapiritsi awo a shuga aja. Pemphaninso kuti awayeze makhololo. Munthu wa shuga amadwala TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa wopanda shuga, ndipo kwa Bambo amene amatsokomola kale, ingabisale miyezi osadziwika.

Ndikudziwa kuti mtolo wonsewu uli pamutu panu, Achemwali, ndipo ndimakuthokozani. Ndatumiza timapepala toyezera shuga tokwanira miyezi iwiri. Lamlungu ndidzaimba, mudzandiwerengere manambala a madzulowo. Bambo muwauze kuti ndikufuna kumva mawu awo, ngakhale atakhala ochepa.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.