Wochitidwa opaleshoni ya mtima akafika kumudzi, ntchito ikadalipo

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi mabanja a kuno ku Mangochi amene abale awo abwerera kuchokera ku India kapena ku South Africa atachitidwa opaleshoni ya mtima yotchedwa bypass. Ambiri amayesa kuti wodwala akatsika ndege ndiye kuti wachira, pamene zovuta zina zimadzaonekera kunyumba.

Pa opaleshoniyi dokotala amacheka fupa la pakati pa chifuwa, n'kutenga mtsempha wa kumwendo kapena wa mkati mwa chifuwa, n'kuusokerera kutsogolo kwa pamene mtsempha wa mtima watsekeka kuti magazi azilambalala. Fupalo amalimanga ndi mawaya, ndipo limagwirana pakatha milungu 6 mpaka 8, mwa okalamba ndi odwala shuga mwina mpaka 12. Nthawi yonseyi wodwala asanyamule choposa makilogalamu 5. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilogalamu 20, asachikhudze. Nkhafi, khoka, khasu, ngakhale kabaza mumsewu wa maenje, zidikire. Potsokomola azikumbatira pilo pachifuwa, ndipo fupa likamamveka kugwedera athamangire kuchipatala.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha thupi. Kuno kunyanja thupi likangotentha tonse timati malungo, n'kuyamba kufunafuna LA. Kuyezetsa malungo n'koyenera, koma aonetsenso bala. Likafiira, kutupa kapena kuchucha mafinya, tizilombo tikhoza kulowa mpaka kufupa, ndipo pamenepo mapilitsi okha sakwanira, pamafunika kutsegulanso ndi kutsuka. Shuga wokwera ndiye amakolezera vutoli. Phulusa ndi mankhwala azitsamba pabala, chonde ayi.

Mwendo umene anachotsako mtsempha umatupa ndithu, azingoutsamiritsa pamwamba akakhala pansi. Koma katumba akalimba ndi kupweteka, makamaka pambuyo pa ulendo wautali wa pandege, magazi akhoza kukhala ataundana. Phuma ladzidzidzi, mtima kugunda mosalongosoka, kukamwa kupindika kapena mkono kufooka, zimenezi si zodikira kuche.

Opaleshoni sichotsa nthenda imene inatseka mitsempha ija. Pakatha zaka 10, pafupifupi theka la mitsempha yotengedwa kumwendo imakhala itatsekekanso, pamene ya m'chifuwa 9 mwa 10 imakhala ikugwirabe ntchito. N'chifukwa chake asipirini ndi mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, monga atorvastatin, amamwedwa moyo wonse, ndipo fodya ndi wosiyiratu. Bufeni ndi diclofenac wa m'magolosale asamwe: pamodzi ndi asipirini amatulutsa magazi m'mimba ndi kuvulaza impso, ndipo chimbudzi chakuda ngati phula ndicho chizindikiro cha kutuluka magazi m'mimbako. Ofuna kusala pa Ramadan ayambe akambirana ndi dokotala za nthawi yomwera mankhwala.

Makalata onse amene anakupatsani kunjako muwajambulitse, ndipo muziwatenga pamodzi ndi buku la kuchipatala popita kuchipatala cha boma, ku Zomba Central kapena ku Queens, kuti wokuonaniyo adziwe mitsempha ingati inasokedwa ndi mankhwala amene anakulemberani.

Ife, ogwira ntchito zaumoyo,
Mangochi