Kalata kwa makasitomala athu yokhudza kusintha kwa kaikidwe ka pulogalamu yosungira deta

Makasitomala athu olemekezeka,

Tikukulemberani kuti tikudziwitseni za kusintha komwe kukhudze aliyense amene amasunga mafayilo a ofesi yake pa makina omwe tinamuikira. Kuyambira mwezi wamawa, pulogalamu ya TrueNAS, yomwe imayang'anira ma disiki ndi deta yanu, sitidzaibweretsanso m'bokosi lakelake monga takhala tikuchitira. Tiziika ngati virtual machine, kutanthauza kompyuta yongopanga yomwe imayenda mkati mwa kompyuta ina, pa seva yanu yomwe, imene inuyo kapena anthu anu a IT mumayang'anira, kaya hypervisor yake, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa ma virtual machine, ndi Proxmox VE, VMware ESXi kapena Hyper-V ya pa Windows Server 2016 kupita mtsogolo.

Chifukwa chake sichobisika kwa aliyense amene amaitanitsa katundu kunja. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa seva yatsopano unakwera kwambiri, ndipo ngakhale makwacha alipo, kupeza ndalama zakunja zolipirira katunduyo kumachedwa. Komanso taona kuti maofesi ambiri omwe timawathandiza, ku City Centre, ku Old Town mpaka ku Kanengo, ali kale ndi seva zamphamvu zomwe sizikugwiritsidwa ntchito mokwanira. Sitikuona chifukwa chokugulitsirani makina achiwiri pamene oyambawo ali ndi malo.

Koma kusinthaku kuli ndi lamulo limodzi lomwe sitingalipeputse, ndipo tikupempha kuti amene amayang'anira seva yanu aliwerenge mofatsa. TrueNAS imasunga deta pogwiritsa ntchito ZFS, dongosolo lolembera ndi kusanja mafayilo pa ma disiki, ndipo ZFS imafuna kuona ma disiki enieniwo popanda china chilichonse pakati. Chidutswa chilichonse cha deta chikalembedwa, ZFS imasunganso chizindikiro chake chotsimikizira, chotchedwa checksum, kotero kuti deta ikawonongeka mwakachetechete pa disiki imodzi, imazindikira n'kuikonza potenga yabwino pa disiki inzake. Pulogalamuyi imawerenganso malipoti a SMART, omwe disiki iliyonse imapereka yokha posonyeza kutentha kwake, maola omwe yagwira ntchito komanso magawo omwe ayamba kufa. Mukaipatsa ma disiki ongopanga mkati mwa hypervisor, kapena mukaika patsogolo pake khadi ya RAID, yomwe imaphatikiza ma disiki angapo kuti aoneke ngati imodzi, ma disiki enieniwo ndi malipoti awo zimabisika. Pulogalamu idzayaka bwinobwino, mafayilo adzatseguka, ndipo kwa miyezi yambiri simudzaona vuto, koma tsiku lomwe disiki idzayambe kufa sipadzakhala chokuchenjezani. Ndi monga kupempha dokotala kuti ayeze wodwala ali kuseri kwa chitseko chotseka.

Choncho seva yanu iyenera kukhala ndi khadi yolumikizirako ma disiki yotchedwa HBA, yomwe yaikidwa mu IT mode kuti izionetsa disiki iliyonse payokha, ndipo khadi yonseyo iperekedwe mwachindunji kwa virtual machine yathu, njira yotchedwa PCIe passthrough. Kuti zimenezi zitheke, mu BIOS, momwe mumasinthira zoikamo zoyambirira za seva, muyenera kuyatsa VT-d ngati purosesa ndi ya Intel, kapena AMD-Vi ngati ndi ya AMD. Hypervisor yeniyeniyo ikhale pa disiki ina yosalumikizidwa ku khadiyo. Tikapeza kuti seva singakwanitse izi, tidzakuuzani mosabisa ndipo sitidzaikapo pulogalamuyi, ngakhale mutatiumiriza, chifukwa deta ya malipiro a antchito, ma invoice ndi zikalata za misonkho si zinthu zoyesera.

Passthrough imabwera ndi zotsatira zake zomwe muyenera kuzidziwiratu. Virtual machine imeneyi simungaisamutsire ku seva ina ikuyaka monga mumachitira ndi zina. RAM yomwe mwaipatsa imakhala yake yokha ndipo siibwerekedwa ndi makina ena. RAM yochepetsetsa yomwe TrueNAS imafuna ndi 8 GB, koma ife tikupempha 16 GB, makamaka ya ECC, yomwe imazindikira ndi kukonza zolakwika zing'onozing'ono. Chachikulu kwambiri n'chakuti kope lomwe hypervisor yanu imatenga usiku, kaya ndi backup kapena snapshot, silikhudza ma disiki a pa HBA. Lidzasunga pulogalamu yokhayo, osati mafayilo anu. Kope lachiwiri la deta lipitiriza kutumizidwa ndi ZFS ku makina ena omwe ali kunja kwa ofesi yanu, monga tinagwirizanirana kale.

Nkhani ya magetsi nayo yasintha pang'ono. Kale bokosi lathu linkalankhulana lokha ndi UPS, chipangizo cha batire chothandiza magetsi akazima, n'kudzizimitsa bwino batire isanathe. Tsopano ntchito imeneyo ili m'manja mwa seva yanu. Ngati makina ena amasunga zinthu zawo pa TrueNAS, iyeneranso kuyamba kuyaka iwo asanayake, ndipo ikhale yomaliza kuzima. Tidzakonza dongosololi limodzi ndi anthu anu ndipo tidzaliyesa pozula pulagi inu mukuona.

Udindo ugawidwa motere. Ife tipitiriza kuyang'anira pulogalamu ya TrueNAS, kuikonza, kutsatira machenjezo a ma disiki komanso kuonetsetsa kuti scrub, yomwe ndi ntchito yofufuza deta yonse ngati yawonongeka, ndi backup zikuyenda. Seva, hypervisor, malayisensi ake, netiweki ndi UPS ndi zanu. Tikupempha kuti musanasinthe hypervisor kupita ku mtundu watsopano muzitidziwitsa, chifukwa nthawi zina kusintha kotere kumasokoneza passthrough. Sitikufuna akaunti ya oyang'anira seva yonse. Tidzalowa ku virtual machine yathu yokha kudzera pa VPN, njira yotetezeka ya pa intaneti yomwe inu mungatsegule ndi kutseka, zomwe zikuthandizeninso pa udindo womwe lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe MACRA imayang'anira, limaika pa aliyense wosunga zinsinsi za anthu.

Ena mwafunsa kuti musankhe hypervisor iti. Kampani ya Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023, inasiya kugulitsa malayisensi ogula kamodzi, ndipo tsopano amalipiridwa nthawi ndi nthawi ndi ndalama zakunja. Kwa ofesi yaing'ono ife timakonda Proxmox VE, yopangidwa ku Vienna, yomwe mungagwiritse ntchito popanda kulipira layisensi. Komabe ngati anthu anu anazolowera ESXi kapena Hyper-V ndipo ikuwayendera bwino, musasinthe chifukwa cha ife.

Amene muli ndi mabokosi athu akale musade nkhawa, chifukwa tipitiriza kuwasamalira mpaka mgwirizano wanu utatha. Nthawi yosamuka ikafika, sipafunika kukopera mafayilo onse. Ma disiki omwewo amachotsedwa m'bokosi, amalumikizidwa ku HBA ya seva yanu, ndipo ZFS imawazindikira pamodzi ndi zonse zomwe zilimo. Tidzayamba tatsimikizira kuti backup ndi yathunthu, ndipo ntchitoyi tidzaigwira Loweruka masana kuti isasokoneze ofesi.

Chonde titumizireni mtundu wa seva yanu, hypervisor yomwe ilipo, kuchuluka kwa RAM komanso khadi yomwe ma disiki alumikizidwako, kuti tidziwe zoyenera kubweretsa tisanafike kudzaiona.

Ndife anu pa ntchito,
Oyang'anira kampani,
Lilongwe